Kagalasi ka Mjaha

Mabawuti anayi okha, Emrys,
ndiwo ankagwira galasi lakutsogolo lija
lomwe unkati silidzachoka iwe uli moyo.
Atatu anamvera sipanala.
Lotsalalo, la kumbali yako, linakana kwamtuwagalu:
ndinalithira oyilo Lolemba,
ndinalitukwana Lachiwiri,
linadzagonja Lachitatu m'mamawa
likulira ngati chitseko cha tchalitchi chathu ku Rhayader.

Idwal, mdzukulu wa a Prosser, anagwira uko, ine kuno,
tinalinyamula ngati tikutembenuza wodwala.
Kulemera kwake!
Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala kuseri kwa katundu wotere
osadziwa.
Pansi pa labala wouma tinapeza njuchi yakufa,
mchenga wa ku Aberaeron,
ndi kapini kanga ka tsitsi
komwe unalumbira kuti sindinakwere nako.

Tinaligoneka pa bulangeti la galu.
Galimoto inatsala mbee,
ngati nkhope yako tsiku lomwe unameta ndevu
ana n'kukuthawa.

Katoni ya ku Coventry inabwera ndi tiwiri.
Amagulitsa tiwiritiwiri, anatero mnyamata pa foni,
ngati nsapato.
Kagalasi kake n'kachibwana:
kutalika kwake chikhatho changa ndi zala ziwiri,
kokhota pamwamba ngati mwezi wotuluka kuseri kwa phiri,
miyendo iwiri yonyezimira, timanati ta mapiko.
Idwal anayeza katatu, lilime lili panja,
koma chobowolera anandipatsa ine.
Utoto wobiriwira womwe unkaupukuta Lasabata lililonse
ndinaubowola ndekha, Emrys.
Dzanja silinanjenjemere. Ndinadabwa.

"Lona la denga silidzagwiranso, mayi,
linkakolekedwa pa galasi lalikulu."
Ndikudziwa, mwanawe.
"Nanga mvula?"
Kuno ndi ku Wales. Mvula ndinabadwa nayo.

Carys anaimba kuchokera ku Cardiff
kundikumbutsa zaka zanga,
ngati ndinaziiwala m'basi.

Unkati galasi lalitali ndi la ine,
la tsitsi langa, la chifuwa changa chosachedwa kudwala.
Unkanena zoona, mwina.
Koma ndinkakuona pa mpikisano wokwera phiri ku Shelsley,
maso ako akutsata anyamata a timagalasi tating'ono,
khosi litatalika pamwamba pa mpanda,
kenako n'kunditsegulira chitseko mwaulemu
n'kubwerera kwathu pang'onopang'ono ngati maliro.
Sunandifunse.
Inenso sindinanene kuti khosi langa linkatalika.

Lero ndavala magalasi ako a zikopa, onunkha fodya,
ndakokera mpando kutsogolo mpaka pothera,
ndalowa msewu wa kumadamu.
Giya yoyamba, palibe kanthu.
Yachiwiri, kamphepo kogwira m'makutu.
Yachitatu, eee!
Mphepo yalumpha kagalasi n'kundiwomba pachipumi
ngati ili nane ngongole.
Dziko lonse lomwe ndinkaliona ngati chithunzi cha pa khoma
landilowa m'mphuno:
ubweya wonyowa wa nkhosa, udzu wodula kumene,
utsi wa malasha wa kanyumba ka pa mlatho,
phula, oyilo wotentha wa pansi pa boneti.
Kachilombo kandifera pa dzino.
Ndaseka, kena n'kulowa.

Ndikawerama, kagalasi kamandibisa maso okha.
Ndikadzuka, zonse n'zanga.

Misozi inatuluka pa kona ya Caban Coch,
koma siinatsike m'masaya monga imachitira kukhitchini.
Inathamangira chammbuyo, kumakutu,
n'kuuma ndisanafike pa chipata cha ng'ombe.
Wondiona akanati ndi mphepo.

Mpando wako unali kumanja.
Tsopano wopanda munthu ndi wanga wakale uja,
ndipo mvula yaunyowetsa bwinobwino.

Kagalasi kachiwiri kali pa shelefu,
ndakakulunga m'juzi yako yabuluu.
Idwal anayezeratu malo ake,
n'kuika timadontho tinayi ta pensulo kumanzere.
Ndapita kukaona madzulo ano ndi tochi:
titatu tafufutika.
Kamodzi kakukana.